Mijigo kapena chipinda cha malamulo? Nkhani ya Chokwe Lumumba yalowa m'zokambirana zathu

Mlembi: Moni nonse, abale ndi alongo a kwathu kuno ku Ntcheu ndi inu muli kutali. Ndalama za m'thumba lathu chaka chino zikukwanira ntchito imodzi yokha, ndipo maganizo afika awiri. Ena akuti tikonze mijigo iwiri yomwe inafa, wa kusukulu ndi wa kuseri kwa msika. Ena akuti tichite lendi kachipinda pamsika kuti mlangizi wa zamalamulo azibwera kawiri pamwezi kudzathandiza anthu mwaulere. Tikambirane mwaulemu, voti ndi Lamulungu.

Msungichuma: Ine ndili ku mijigo, a Mlembi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ena tinawaika ndi manja athu. Mvula ikubwerayi ana asukulu adzamwa kuti?

Wophunzira zamalamulo ku Zomba: Amalume, madzi sindikuwakana. Koma tchuthi chathachi ndinakhala ndi amayi ena omwe anatengedwa chitengwa. Mwamuna wawo atamwalira, akuchimuna anawalanda dimba, malata ndi njinga, n'kuwauza kuti abwerere kwawo komwe anachokako zaka zambiri zapitazo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu, koma amayiwo sankadziwa. Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa zamalamulo, ilipo, koma munthu wopanda ya minibasi akafika bwanji?

Namwino wa ku Jackson: Ndapempha malo, a Wapampando, ndilembe motalikirapo pang'ono. Nthawi zambiri ndimangowerenga chifukwa mukamacheza ine ndimakhala pantchito ya usiku, koma nkhani iyi yandikhudza. Ndimakhala ku Jackson, likulu la chigawo cha Mississippi ku America, ndipo mzinda uno unakhalapo ndi munthu yemwe anasenza zonse ziwiri mukukanganazi, malamulo ndi madzi. Dzina lake Chokwe Lumumba.

Anabadwira ku Detroit mu 1947, dzina la makolo ake linali Edwin Taliaferro. Ali mnyamata analisiya dzinalo n'kutenga la Lumumba, kukumbukira Patrice Lumumba wa ku Congo, ndi la Chokwe, mtundu wa anthu a kuno kwathu ku Africa. Anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Wayne State University mu 1975, nayamba kuimira anthu osauka pamilandu. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anasamukira ku Jackson kuno, mzinda womwe Medgar Evers, womenyera ufulu wa anthu akuda, anawomberedwa pakhomo pa nyumba yake mu 1963. Ambiri ankathawa Mississippi kupita kumpoto, iye anachoka kumpoto kubwera kuno dala.

Mlandu womwe azigogo a kutchalitchi kwathu kuno amaukambabe ndi wa atsikana awiri apachibale, Jamie ndi Gladys Scott. Anagamulidwa mu 1994 kukhala m'ndende moyo wonse pa mlandu wofwamba, pomwe ndalama zobedwazo ambiri amati zinali madola 11 okha, ndipo palibe anaphedwa. Lumumba ndiye anadzakhala loya wawo womenyera kuti atuluke. Sanangodalira khoti, anasonkhanitsa anthu, mipingo, maulendo a pamsewu, mpaka mu January 2011 bwanamkubwa Haley Barbour anawatulutsa atakhala zaka 16. Jamie n'kuti akudwala impso, ndipo chimodzi mwa zomwe anawauza powatulutsa chinali choti Gladys apereke impso yake kwa mchemwali wakeyo. Ine monga namwino chimenechi chimandiwawabe mumtima: ufulu wa munthu kuumangirira ku chiwalo cha m'thupi mwake.

Wa ku Lusaka: Achemwali, a Chokwe aja tili nawo kuno ku Zambia, kumpoto chakumadzulo, ndipo ambiri ali ku Angola ndi ku Congo. Ndasangalala kumva kuti dzina lawo linakafika mpaka pampando wa meya ku America.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe wa ku Jackson, walemba bwino, koma ndifunse. Chifukwa chiyani tikukafuna chitsanzo kutsidya la nyanja pomwe tili ndi Orton Chirwa, loya woyamba wa Chimalawi, yemwe anafera m'ndende ya Zomba mu 1992? Ndi mayi Vera Chirwa, omwe anakhala m'ndende zaka zoposa khumi n'kutuluka kudzamenyerabe ufulu wa anthu? Ngati chipindacho chitsegulidwe, ana athu ayambe adziwa amenewa.

Namwino wa ku Jackson: Aphunzitsi, inu munandigwira dzanja pondiphunzitsa kulemba, sindingakutsutseni pa a Chirwa. Ndamutchula Lumumba chifukwa cha zomwe anachita atachoka kukhoti kulowa m'zamapaipi. Ndiloleni ndimalize.

Mu 2009 anasankhidwa kukhala khansala wa wodi 2. M'wodi mwakemo munkachitika misonkhano ya anthu wamba yomwe ankaitcha People's Assembly, ngati bwalo la kwathu lija: anthu kukhala pansi, kunena mavuto awo, kupatsana ntchito, khansala n'kumamvera. Mu 2013 anapambana chisankho cha umeya, nalumbira pa 1 July. Ambiri, makamaka amalonda, ankamuopa, poti ankadziwika ngati munthu waukali pandale kuyambira unyamata wake m'gulu la Republic of New Afrika, lomwe linkafuna kuti anthu akuda akhale ndi dziko lawolawo kum'mwera kwa America. Ankayesa kuti akafika pampando azingolankhula za ufulu. Koma anapeza misewu yokumbika, mapaipi akalekale akuphulika, suweji ikutayikira mumtsinje wa Pearl, boma lalikulu la America litalamula kale mu 2012 kuti mzinda ukonze. Ndiye anachita chomwe andale amachithawa. Anakweza mabilu a madzi ndi a suweji. Kenaka anayenda m'matchalitchi ndi m'maholo kuuza anthu osaukawo kuti avomere msonkho wina, senti imodzi pa dola iliyonse pogula katundu, kuti ndalamazo zikonze misewu ndi mapaipi. Mu January 2014 anthu anavota, ndipo pafupifupi 90 mwa 100 alionse anati inde.

Taganizani, abale. Mzinda womwe anthu ambiri ndi akuda, ambiri ovutika, kuvomera okha kudziwonjezera msonkho. Anavomera chifukwa wowapemphayo ndi yemwe anaimira ana awo kukhoti zaka zonsezo, ndipo sanawanamize kuti madzi adzabwera aulere.

Pa 25 February 2014 anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 66. Pampando anangokhalapo miyezi yosakwana isanu ndi itatu.

Wa ku Joni: Pepani achemwali, koma tisabise mbali inayo. Jackson yomweyo si ija tinkaiona pa TV mu 2022, anthu ali pamzere kulandira madzi a m'mabotolo? Ndipo meya nthawi imeneyo sanali mwana wake? Ngati msonkhowo unathandiza, zinatheka bwanji? Ine chitsanzo chanucho chikundiuza kuti maloya amadziwa kulankhula, koma mpope umafuna makaniko.

Namwino wa ku Jackson: N'zoona achimwene, ndipo pamzerepo ndinalipo. Mu August 2022 mtsinje wa Pearl unasefukira, malo oyeretsera madzi analephera, anthu pafupifupi 150,000 tinakhala opanda madzi abwino. Ndinkachoka kuntchito m'mamawa n'kukaima ndi galimoto kudikira mabotolo, madzi ogejemulira kuchimbudzi n'kumatunga m'ndowa ngati ndili kumudzi. Ndinkakumbukira amayi anga akupita kudambo. Meya anali Chokwe Antar Lumumba, yemwe anasankhidwa mu 2017. Senti imodzi ija inakonza zina, koma sinakwanire kubweza zomwe zinalekereredwa zaka makumi ambiri, anthu andalama atasamukira kunja kwa mzinda ndi misonkho yawo. Ndalamazo nazonso sizinali m'manja mwa mzinda wokha, komiti yoziyang'anira inali ndi anthu ena oikidwa ndi akuluakulu a boma la Mississippi. Sindikunena kuti bambo uja anathetsa vuto. Ndikunena kuti anauza anthu mtengo wake weniweni, ndipo anayamba wawafunsa.

Ife tawafunsa a kumudzi? Tili pano anthu okhala ku Lilongwe, ku Joni, ku Lusaka, ku America, tikufuna kuvota Lamulungu za mjigo womwe sititungapo.

Amayi a komiti ya mjigo: Mwana wanga, apo wandilankhulira. Ine ndine ndili kuno, ndipo foni iyi amandilembera ndi mdzukulu. Mjigo wa kusukuluwu si koyamba kufa. Unakonzedwapo ndi anthu akufuna kwabwino, tinavina, patapita chaka marabala anatha, tinasowa yogulira, makaniko anati sabwera popanda kangachepe. Tinkasonkha pamwezi, koma ndalama zinathera m'manja mwa munthu mmodzi, kopanda buku, kopanda risiti. Kuyambira pomwepo anthu anakana kusonkha. Mukangokonza n'kuchoka, chaka chamawa mudzakambanso zomwezi.

China. Mjigo wa kuseri kwa msika uli pamalo okangana. Banja lina likuti malowo ndi awo, ndipo anamangapo mpanda wa minga. Mukaukonza osathetsa zimenezo, mwakonzera banja limodzi.

Msungichuma: Za mpandazo ndikuzimva lero, amayi. M'mapepala omwe ndili nawo mulibe.

Wophunzira zamalamulo ku Zomba: Mwaona amalume, mjigo womwewo ukufuna malamulo. Pakufunika chikalata choti malo a mjigo ndi a mudzi wonse, chosainidwa ndi banjalo, amfumu ndi a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Komitinso ikhale ndi malamulo ake olembedwa: osainira ndalama akhale atatu, buku liziwerengedwa pagulu mwezi ndi mwezi. Zimenezi ndingalembe ndekha patchuthi, mkulu wina wodziwa n'kudzaziona. Sizifuna lendi ya chipinda.

Wa ku Joni: Ndiye wasiya za chipinda chako, mphwanga?

Wophunzira zamalamulo ku Zomba: Sindinasiye, achimwene. Amayi a chitengwa aja akadali kwa achibale opanda dimba. Koma ndavomera kuti chipinda chopanda munthu wodalirika chingokhala chitseko chokhoma. Mwina tiyambe ndi tsiku limodzi pa miyezi itatu, m'kalasi ya kusukulu Loweruka, tipemphe alangizi a zamalamulo omwe alipo kale kuti abwere, ife tilipire ulendo ndi nkhomaliro.

Aphunzitsi opuma: Akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndamva tsopano chomwe mwana wa ku Jackson amatanthauza. Komabe ndichenjeze. Bwalo la kwathu si loyera ayi. Amfumu akakhala kutsogolo, amayi amasiye salankhula, akamwini amangoyang'ana pansi. Ndaona misonkhano yambiri pomwe anthu amaomba m'manja zomwe zinagamulidwa kale usiku wake. Ngati tiitanitse bwalo, amayi ayambe akumana paokha, achinyamata paokha, kenaka onse pamodzi. Ndipo wina wa ife anene poyera kuti gulu likonza mijigo kamodzi kokha, zokonzetsera za mtsogolo ndi zawo. Asadzati tinawanamiza.

Msungichuma: Chonditsalira ine ndi nthawi. Tikachedwa ndi mabwalo, mvula itipeza, ndipo mitengo ya zipangizo ikukwera sabata ndi sabata. Kwacha yomwe ili m'thumbamu lero si yomwe idzakhale mu January.

Amayi a komiti ya mjigo: Bwalo silichedwa, bambo. Amfumu akangouzidwa mawa, Loweruka anthu adzadza pansi pa mkuyu. Wa kusukulu mutha kuyamba kugula zipangizo, pamenepo palibe mkangano. Wa kumsikawo ndiwo udikire chikalata.

Namwino wa ku Jackson: Ulendo ndi nkhomaliro ya alangizi tsiku loyambalo ndilipira ine, zisachoke m'thumba la mijigo. Ndingopempha kuti amayi a chitengwa aja akhale oyamba kuonedwa.

Wa ku Joni: Ine ndikadali ndi chikaiko ngati anthu adzasonkhedi atapsa kale. Koma bukulo likamawerengedwa pagulu, ndipo chithunzi chake chizitumizidwa muno mwezi uliwonse, ndivomera. Likadzasowa mwezi umodzi ndidzafunsa.

Wapampando: Ndamva mbali zonse, zikomo. Voti ya Lamulungu tayiimitsa kaye. A Mlembi, mawa muimbire amfumu ndi wapampando wa VDC za bwalo la Loweruka, monga anenera aphunzitsi: amayi paokha ndi achinyamata paokha m'mawa, onse pamodzi masana. A Msungichuma, pezani mitengo ya zipangizo za mjigo wa kusukulu m'masitolo awiri kapena atatu, mutumize muno pofika Lachinayi. Mwana wathu wa ku Zomba, yamba kulemba chikalata cha malo ndi malamulo a komiti, m'Chichewa, kuti amayi akathe kuwerengeredwa pabwalo. Banja la mpanda lija ndikalankhula nalo ndekha Lachisanu, ndi akuchikazi kwa malume anga.

Mlembi: Zalembedwa, a Wapampando. Amayi a komiti, mdzukuluyo anditumizire nambala ya makaniko usiku uno.