Kodi Jodie Comer anaphunzira kuti luso la zisudzo?

NaBanda: Akuluakulu, ndikufuna kudziwa za Jodie Comer, mtsikana wa ku England amene anasewera ngati Villanelle mu sewero la pa kanema lotchedwa Killing Eve. Kodi anadutsa kusukulu ya zisudzo, kapena luso lakeli ndi lachibadwa?

Phiri wa ku Leeds: Mayi, Comer anabadwira ku Liverpool mu 1993, ndipo sanapiteko ku koleji ya zisudzo. Anayambira m'kalasi ya ana yokumana kumapeto kwa sabata, kenako ankapatsidwa mbali zing'onozing'ono pa kanema, uku akugwira ntchito yolandira ndalama m'sitolo ya Tesco. Killing Eve inayamba mu 2018, ndipo mu 2019 analandira mphoto ya Emmy, yoperekedwa kwa akatswiri a pa kanema ku America.

Nachisale: Bambo Phiri mwafotokoza bwino, koma kwa ine ntchito yake yaikulu ndi ya pabwalo la zisudzo. Mu 2022 ku London anasewera yekhayekha mu sewero lotchedwa Prima Facie ngati Tessa, loya woteteza amuna oimbidwa milandu yogwiririra, amene pambuyo pake iyenso anagwiriridwa, n'kuona mmene khoti limamufunsira mafunso mboni yotere. Kwa nthawi yoposa ola ndi theka ankalankhula popanda kupuma, akusintha mawu kuti akhale woweruza, mayi ake komanso wapolisi, ndipo pabwalo palibe mwayi wobwereza monga pojambula kanema. Mu 2023 analandira mphoto zikuluzikulu za zisudzo za Olivier ndi Tony chifukwa cha seweroli.

Phiri wa ku Leeds: Zoonadi mayi, ndipo ambiri amene anamuzolowera ndi kalankhulidwe ka Chirasha ka Villanelle amadabwa akamumva akuyankha atolankhani m'Chingerezi cha kwawo ku Liverpool.