Chizungulire pasitima ya ku Durban: tisankhe chipinda chiti?

Moni nonse abale ndi alongo pagulu pano. Ndikufuna kupita ndi mayi anga, azaka 68, kutchuthi pasitima yapanyanja yochokera ku Durban kukafika ku Portuguese Island, kufupi ndi Inhaca ku Mozambique. Vuto ndi loti mayi sachedwa kuchita chizungulire ndi kusanza. Ngakhale pa Nyanja ya Malawi, mwera ukangoyamba, amagoneratu.

Ndinafunsa kampani yogulitsa matikiti, koma anangonditumizira mitengo. Kufamase anatipatsa mapiritsi, titawayesa paulendo wa basi, mayi anagona tsiku lonse. Nanga munthu angalipire ndalama zonsezo kuti akagone? Ena akuti titenge chipinda chapakati pa sitima, m'munsi, poti sichigwedezeka kwambiri, koma zotchipa zake zilibe zenera.

Tikuganiza zopita mu Febuluwale, ngakhale ndikudziwa kuti ndi nyengo ya namondwe kumeneko. Komanso pachilumbapo palibe doko, anthu amatsikira m'timaboti ting'onoting'ono.

Amene munayendapo, chipinda chopanda zenera chimawonjezera mseru? Munthu wamkulu wa mawondo ovuta angakwere timabotito? Kapena tidikire Epulo? Chonde ndithandizeni ndisanalipire.