Dzanzi silinathe pambuyo pa opaleshoni ya carpal tunnel: nditsegulenso kapena ndidikire?

Kiliniko wa mafupa:
Anzanga, ndithandizeni maganizo chifukwa nkhani iyi yandisowetsa mtendere. Ndili ndi mayi wa zaka za m'ma 50 amene ndinawachita open release (kung'amba pamfundo ya dzanja kuti mtsempha wa median, wopanikizika m'kanjira kotchedwa carpal tunnel, umasuke) kudzanja lamanja miyezi 4 yapitayo, ndipo akubwerabe ndi dandaulo la dzanzi. Poyamba zizindikiro zinali zosakayikitsa: ankadzuka usiku ndi dzanzi m'chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, ankachita kukutumula dzanja kuti apezeko bwino, Phalen (kuyeza popinda mfundo ya dzanja) inkabweretsa dzanzi masekondi 60 asanakwane, Durkan (kuyeza pofinya pamtsemphawo) nayonso inkatero, ndipo mnofu wa thenar (wa patsinde pa chala chachikulu) unali utayamba kale kufota. Splint ya usiku (choletsa dzanja kupindika) anavala koma sinathandize. Transverse carpal ligament (lamba wolimba wophimba kanjirako) ndinaidula ndikuiona ndi maso anga, bala linapola popanda mafinya. Lero akuti usiku akugona ndithu, koma nsonga za zala zidakali ngati zakufa, singano sangaitole patebulo, ndipo tsopano akutchulanso chala chaching'ono. Makina a nerve conduction (oyeza mmene mtsempha ukugwirira ntchito) tilibe, ndipo kumene ndingawatumize odikira ndi ambiri. Achibale awo akundiyang'ana ngati ndinangowang'amba chabe. Kodi nditsegulenso, ndibaye steroid, kapena ndidikire?

Dokotala wa opaleshoni:
Achimwene, ligament simunamalize kuidula. Chimene chimachititsa kawirikawiri kuti dzanzi lisathe pambuyo pa opaleshoni imeneyi ndi kachigawo ka ligament kotsalira, kaya chakunsonga kumene munthu amaopa superficial palmar arch (mtsempha wa magazi wa m'chikhatho) n'kuimitsa mpeni mafuta a m'chikhatho asanaoneke, kaya chakumtunda kumene fascia ya mkono (kachikopa kolimba kokuta minofu) imakhala yokhuthala ndipo imabisala pansi pa khungu losang'ambidwa. Aliyense wa ife amanena kuti anaona ndi maso. Tsegulaninso, mutalikitse bala mpaka lidutse mzere wa pamfundo ya dzanja, muutsate mtsempha kuyambira pamene pali pabwino mpaka pamene pali chipsera.

Wafiziyo:
Adokotala, ndikupempha kuti tiwerengenso zimene mnzathu walemba. Mayiwa anasiya kudzuka usiku. Dzanzi la usiku ndi limene limayamba kutha mtsempha ukamasuka, nthawi zambiri m'masiku oyambirira, choncho kwa ine chimenechi ndi chizindikiro chakuti kupanikizika kunachoka. Chimene chatsala ndi dzanzi losachoka la kunsonga, ndipo pa munthu amene thenar inali itafota kale, ma axon (tiulusi ta mtsempha) ena anali atafa opaleshoni isanachitike. Mtsempha umamera pafupifupi milimita 1 pa tsiku zinthu zikamayenda bwino, ndipo kwa munthu wamkulu amene anakhala nalo vutoli nthawi yaitali, kusintha kumatha kupitirira mpaka chaka, ndipo kwa ena mphamvu ya chala chachikulu siibwereranso yonse. Ine ndikanayeza two-point discrimination (kutha kusiyanitsa nsonga ziwiri zokhudza khungu) pa chala chilichonse, ndi monofilament (kaulusi koyezera kumva kwa khungu) ngati ilipo, n'kulemba manambala m'failo, kenako n'kuyezanso pakatha masabata 6. Popanda manambala mudzangodalira mawu a wodwala amene wakhumudwa kale, ndipo wokhumudwa amati palibe chasintha ngakhale atayamba kumanga mabatani yekha.

Dokotala wa opaleshoni:
Kugona usiku sikutsimikizira kuti ligament yonse inaduka. Mukadula mbali yaikulu, wodwala amapezako mpumulo, koma kotsalako kamapitiriza kufinya. Mukamadikira chaka ndi manambala anuwo, thenar ikutha.

Dokotala wa mitsempha:
Ine chimene chandigwira mtima ndi chala chaching'onocho, ndipo ndikudabwa kuti tikuchidumpha. Mtsempha wa median sufika kumeneko, ndiye ngakhale mutatsegula carpal tunnel kakhumi, chala chimenecho sichidzasintha. Achimwene, mpeni usanabwererenso, tengani cholembera mujambule pakhungu malire a dzanzi. Ngati chala cha mphete chagawika pakati, mbali ya kuchala chaching'ono ili ndi dzanzi ndipo inayo ilibe, ndiye ndi mtsempha wa ulnar, umene umafika ku chala chaching'ono. Kenako yezani kuseri kwa dzanja kumbali yomweyo, chifukwa nthambi ya ulnar yopita kuseriko (dorsal cutaneous) imapatuka isanafike pa Guyon's canal, kanjira ka ulnar pamfundo ya dzanja: kuseriko kukakhala ndi dzanzi, vuto lili kumtunda, kawirikawiri pachigongono, ndipo kukakhala bwino mukayikire pamfundo ya dzanja. Apatseni pepala apane pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, inu mukoke, muone ngati chala chachikulu chikupindika, chimene ndi chizindikiro cha Froment chosonyeza kufooka kwa ulnar. Pindani chigongono kwa mphindi imodzi, mugogodenso kuseri kwa medial epicondyle (kafupa kotuluka mkati mwa chigongono).

Dzanzi likakwera mpaka mkati mwa mkono, kapena likakhala losatsata malire a mtsempha umodzi, yang'anani khosi. Chitani Spurling (kupendeketsa mutu n'kuukankhira pansi), yezani ma reflex a biceps ndi triceps, mufunse za ululu wotsika kuchokera paphewa. Mitsempha ya m'khosi ya C6 ndi C7 imanamizira median, ya C8 imanamizira ulnar. Upton ndi McComas analemba za double crush (mtsempha umodzi kupanikizika malo awiri) mu 1973, ndipo ngakhale akatswiri amatsutsanabe za mmene zimachitikira, fanizo lake ndi losavuta: paipi yamadzi ikapondedwa malo awiri, kuchotsa phazi limodzi sikubwezeretsa madzi onse. Pomaliza muwavule nsapato. Mapazi onse awiri akakhala ndi dzanzi, mukulimbana ndi polyneuropathy (kudwala kwa mitsempha yambiri nthawi imodzi), ndipo muyeze shuga, chithokomiro, B12 ndi HIV, mufunsenso ngati akumwa isoniazid (mankhwala a TB) kapena mowa wambiri. Odwala shuga amapindula ndithu ndi release, koma ayenera kuuzidwa pasadakhale kuti dzanzi lina lidzatsala.

Wa matenda a khungu:
Ndiwonjezere chimodzi chimene a opaleshoni amakonda kuiwala. Ndinalandirapo bambo wina amene anali atang'ambidwa kale pamfundo ya dzanja ndi pachigongono kuchipatala china, ndipo anabwera kwa ife pa nkhani ina, ya bala la moto pachala limene sanalimve pamene ankapsa. Nditagwira kuseri kwa chigongono ndinapeza mtsempha wa ulnar wokhuthala ndi wolimba, wopweteka ukaufinya. Titawavula malaya tinapeza chigamba chotuwa kumsana, ndipo nditachikhudza ndi thonje sanamve kanthu. Linali khate. Munthu ameneyu ankafunika MDT (mankhwala ophatikiza a khate) ndi prednisolone, ndipo nthawi imene inatayika pa maopaleshoni inamusiya ndi zala ziwiri zopindika. Sindikunena kuti mayi anuwo ali ndi khate, koma pamene median ndi ulnar zadwalira limodzi dzanja limodzi, kupapasa mitsempha ya pachigongono, ya pakhosi ndi ya pabondo ndiponso kuyang'ana khungu lonse sikudya nthawi.

Kiliniko wa mafupa:
Zikomo akuluakulu. Shuga tinayeza tisanalowe m'chipinda cha opaleshoni ndipo anali bwino, chithokomiro sitinayeze. Ntchito yawo ndi yokhala patebulo tsiku lonse atatsamira zigongono, ndiye mwina ulnar ilipo ndithu. Akubweranso sabata yamawa. Ikapezeka kuti ndi cubital tunnel (ulnar kupanikizika pachigongono), kodi ndingomasula pomwepo kapena ndiusamutsire mtsempha kutsogolo?

Dokotala wa opaleshoni ya manja:
Achimwene, mwathamanga. Simunawayeze n'komwe koma mwayamba kale kusankha mtundu wa opaleshoni yachiwiri, pa munthu amene sanakhutire ndi yoyamba. Ngati ulnar yangoyamba kumene, popanda kufota kwa first dorsal interosseous (mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala) kapena kupindika kwa zala, yambani ndi kuwaletsa kutsamira chigongono ndi kuchipinda nthawi yaitali, ndipo usiku akulunge thaulo pachigongono kuti chisapindike kwambiri ali m'tulo. Ambiri a mtundu umenewu amachira osang'ambidwa. Zikafika pa opaleshoni, kafukufuku woyerekeza njira ziwirizi sanapeze kusiyana kwakukulu pa kuchira, koma kusamutsa kumafuna bala lalikulu ndipo mavuto a bala amachuluka, choncho ine ndimangomasula Osborne's ligament ndi fascia ya flexor carpi ulnaris, zimene zimaphimba mtsempha pachigongono, n'kupinda chigongono patebulo pomwepo, ndipo ndimasamutsa pokhapokha mtsempha ukamadumphira pamwamba pa epicondyle. Samalani nthambi za medial antebrachial cutaneous (mtsempha wa khungu la mkati mwa mkono), zimadutsa mopingasa pamene mukung'ambapo.

Za kutsegulanso carpal tunnel ndikuchenjezeni kwambiri. Ulendo wachiwiri mtsempha umakhala utamatirira kunsi kwa chipsera, ndipo amene amalowera pabala lakale molunjika amaupeza ndi mpeni asanauone ndi maso. Nthambi ya recurrent motor, imene imayendetsa mnofu wa thenar, siikhala malo amodzi mwa anthu onse. Lanz anafotokoza mu 1977 kuti mwa ena imatuluka kupitirira ligament, mwa ena pansi pake, ndipo mwa ena imaboola ligament yeniyeniyo. Palinso nthambi ya khungu la m'chikhatho (palmar cutaneous) imene imayenda pamwamba pa ligament chakumbali ya chala chachikulu. Ndinasamalirapo munthu amene nthambi imeneyi inadulidwa n'kupanga neuroma (kachotupa kopweteka ka mtsempha), moti ngakhale mkono wa malaya ukakhudza chipsera ankalumpha, ndipo ankanena kuti dzanzi lake lakale linali labwino. Ngati mulibe ma loupe (magalasi okuza zinthu) ndi kuwala kokwanira, opaleshoni yobwereza si yanu, atumizeni. Steroid nayonso musaibaye mwachisawawa m'chipsera, chifukwa mtsempha sukhalanso pamene mabuku amanena, ndipo wodwala akamva ngati magetsi m'zala singano ikulowa, itulutseni osabaya mankhwala.

Dokotala wa opaleshoni:
Zonsezi ndamva, khosi, khate ndi mapazi, ndipo sindikutsutsa kuti ayezedwe. Koma zala zitatu za median zidakali ndi dzanzi, ndipo chigongono sichifotokoza zimenezo. Ngati mukuopa mpeni, ikani ultrasound pamfundo ya dzanja motsata utali wa mtsempha, mudzaona pamene watupa ndi pamene wapanikizika pansi pa kachigawo kotsala. Ine ndikunenabe kuti ligament sinathe.

Wogonetsa odwala:
Pa mfundo ya adokotala ndifunseko: opaleshoni yoyambayo munachita ndi tourniquet (lamba womanga mkono kuti magazi asayende) kapena ndi lidocaine (mankhwala ochititsa dzanzi) wosakaniza ndi adrenaline? Ndikufunsa chifukwa ndaona kuti wodwala amene ali maso sapirira tourniquet nthawi yaitali, akayamba kubuula dokotala amafulumira, ndipo kufulumira kumeneko ndi kumene kumasiya mbali ya kunsonga. Ndi njira yachiwiriyo, imene dokotala Lalonde anaitchukitsa, mumabaya lidocaine wosakaniza ndi adrenaline wa 1:100,000, n'kudikira pafupifupi theka la ola kuti magazi achepe, ndipo mumagwira ntchito mosathamanga, wodwala akusuntha zala mukamuuza.

Dokotala wa opaleshoni ya manja:
Kudikirako ndi kumene anthu amalephera. Amabaya n'kung'amba nthawi yomweyo, bala limadzaza magazi, kenako amanena kuti njirayo siigwira. Bayani wodwala woyamba ndi wachiwiri asanalowe, kuti pamene mukusamba m'manja mankhwala akhale atagwira kale.

Dokotala wa opaleshoni:
Kaya ndi tourniquet kaya ndi adrenaline, musanasoke lowetsani nsonga ya chala chanu chaching'ono chakumtunda pansi pa khungu, ndipo chakunsonga muonetsetse mafuta achikasu a m'chikhatho. Achimwene, m'failo munalemba kuti mafutawo munawaona?