Mtima umathamanga ngati ndikufa, koma kuchipatala akuti ndili bwino

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Ndikupempha nzeru kwa amene akulidziwa vuto limene landisautsa kwa miyezi inayi tsopano. Ndine mayi wa zaka 34. Tsiku loyamba linandigwira ndili m'minibasi pochokera ku Lilongwe: mwadzidzidzi mtima unayamba kugunda kwambiri, mpweya unkandichepera ngati wina wandigwira pakhosi, thukuta linali kamukamu, ndipo zala ndi milomo zinachita dzanzi, moti ndinapempha kondakitala kuti anditsitse chifukwa ndinatsimikiza kuti ndikufa. Patapita mphindi ngati 15 zonse zinatha, ndinangotsala wolefuka. Chiyambire tsiku limenelo zandichitikira kasanu, kamodzi m'kalasi pamaso pa ana, kamodzinso usiku ndili m'tulo.

Kuchipatala anandiyeza malungo, BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, anaunikanso kagundidwe ka mtima, koma sanapeze chovuta. Adokotala anati ndi panic attack, mantha aakulu ogwira munthu mwadzidzidzi, ndipo ndikaonane ndi mlangizi, pamene apongozi anga akuti pali dzanja la munthu. Minibasi ndinasiya kukwera, ndipo kutchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo. Kodi kungocheza ndi munthu kungachize bwanji chinthu chimene ndimachimva m'chifuwa mwenimwenimu?

Namwino wa matenda a m'maganizo:

Aphunzitsi, pepani kwambiri, ndipo dziwani kuti zimene mumamvazo si zongoganizira. Munthu akaona njoka panjira, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umafulumira kuti magazi afike msanga m'miyendo, ndipo mpweya umakokedwa mwaliwiro kuti athe kuthawa. Panic attack ndi kukonzeka komweko, koma kukubwera popanda njoka. Dzanzi la m'zala ndi m'milomo lili ndi chifukwa chake chodziwika bwino: mukamapuma mofulumira mumataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa umene thupi lifunika kutaya, ndipo zimenezi ndi zimene zimabweretsa dzanzi ndi chizungulire. Kawirikawiri mantha amenewa amafika pachimake pasanathe mphindi 10, kenaka amatsika okha, monga momwe inunso munaonera.

Chimene chimachititsa kuti vutoli lizibwerabwera anachifotokoza bwino katswiri wa ku Britain, David Clark, m'chaka cha 1986. Munthu amamva kusintha kwakung'ono m'thupi, mwina mtima wagunda kwambiri chifukwa cha kutentha kwa m'minibasi, ndiye amatanthauzira kuti mtima ukufuna kuima. Ganizo limenelo limawonjezera mantha, mantha amawonjezera adrenaline, mtima umathamanga koposa, ndipo munthuyo amati pamenepa ndiye umboni wakwana. Chithandizo chotchedwa CBT, chimene ndi kucheza ndi mlangizi kothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, chimadula chingwe chimenechi pamalo pamene pali tanthauzo lolakwikalo, n'chifukwa chake kucheza kumene mukukukayikirako kumafika mpaka m'chifuwa.

Mukabwereranso kuchipatala mufunse ngati anaunikanso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mopitirira muyezo chimapereka zizindikiro zofanana ndi zimenezi. Khofi wambiri, zakumwa zopatsa mphamvu, chamba ndi mankhwala ena a mphumu monga salbutamol nazonso zimathamangitsa mtima. Ndipo ngati tsiku lina chifuwa chidzapweteka pamene mukugwira ntchito yolemetsa, ululu n'kumafika kudzanja kapena kunsagwada, kapena mukadzakomoka, mudzathamangire kuchipatala osanena kuti ndi mantha aja. Poyambira pabwino ndi kwa namwino kapena clinical officer wa matenda a m'maganizo pachipatala cha boma lanu, ndipo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kulinso zipatala za matenda a m'maganizo za St John of God. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwachita misala.

Mmalawi wokhala ku Leeds, ku Britain:

Achemwali, ine ndinadutsa m'njira yomweyi, ndipo mawu anu akuti mumakhala pafupi ndi khomo ndi amene andichititsa kulemba. Ndinkachita chimodzimodzi m'basi ndi m'sitima, komanso sindinkatuluka m'nyumba popanda botolo la madzi, ndipo ndinkakhulupirira kuti zinthu zimenezi ndi zimene zinkandipulumutsa. Mlangizi wanga anandionetsa kuti nthawi iliyonse imene ndinkatsika m'basi mantha asanathe, maganizo anga ankaphunzira kuti ndapulumuka chifukwa chothawa, motero sindinkapeza mpata woona kuti ngakhale ndikanakhala pampando sindikanafa.

Tinkakumana kamodzi pa sabata kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo sikunali kungokamba za ubwana wanga monga ndinkaganizira. Poyamba ndinkalemba m'kope malo, nthawi, chimene ndinamva m'thupi ndi ganizo limene linabwera nthawi yomweyo. Kenaka tinayamba kuziputa dala zizindikirozo m'chipinda mwake momwemo: kupuma mofulumira kwa mphindi imodzi, kuzungulira pampando mpaka chizungulire, kukwera masitepe mothamanga, ndi kupumira m'kapaipi kakang'ono komwera zakumwa. Tsiku loyamba ndinachita mantha kwambiri ndipo ndinafuna kuleka. Koma nditaona kuti dzanzi lomwe lija ndingathe kulibweretsa ndekha ndipo limatha lokha, linasiya kukhala chizindikiro cha imfa kwa ine. Pambuyo pake ndinayamba kukwera basi siteji imodzi, kenaka ziwiri, ndipo pomaliza ndinakhala kumbuyo kwenikweni botolo nditalisiya kunyumba.

Anthu okufunirani zabwino adzakuuzani kuti muzikoka mpweya wambiri mantha akayamba. Kwa ine zimenezo zinkangokulitsa chizungulire, pamene chimene chinandithandiza ndi kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya kwa nthawi yotalikirapo kuposa poukoka. Manthawo amabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka ndikagwira ntchito usiku masiku otsatizana, koma sanditsitsanso m'basi.

Mayi wa Mvano:

Mwana wanga, apongozi anuwo musawakwiyire, chifukwa munthu akaona mpongozi wake akuvutika koma chipatala chikunena kuti palibe matenda, amafunafuna dzina loti apatse chimene akuchionacho. Muwatenge tsiku lina akamve okha kwa anamwino. Kupemphera musasiye, koma musalole munthu aliyense kukuuzani kuti kupita kwa mlangizi ndi kuchepa chikhulupiriro. Ku Zimbabwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi n'kumathandiza anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, zimene Ashona amati kufungisisa. Ngati pali nkhawa ina imene mwaisenza nokha, ya ngongole, ya banja kapena ya maliro, muitchulenso kwa mlangiziyo.

Mphunzitsi wa ku Dedza:

Zikomo nonse. Amayi, mwalasa, chifukwa zonsezi zinayamba patangotha mwezi umodzi titaika mchimwene wanga m'manda, ndipo sindinaganizepo zoti zinthu ziwirizi zingagwirizane. Anamwino, mnzanga wina wandipatsa mapiritsi a diazepam kuti ndizimwa ndikamva kuti zikuyamba. Kodi ndingamwe?

Namwino wa matenda a m'maganizo:

Aphunzitsi, musamwe mapiritsi amene analembera munthu wina. Diazepam amakhazikadi mtima pansi kwa kanthawi, koma thupi limamuzolowera msanga, kumusiya kumavuta, ndipo amasanduka ngati botolo la madzi limene achimwene a ku Leeds atchula, moti munthu amayamba kukhulupirira kuti popanda piritsilo sakanapulumuka. Mankhwala akafunika, madokotala amakonda kupereka a mtundu wa fluoxetine, amene amamwedwa tsiku ndi tsiku ndipo amatenga masabata angapo kuti phindu lake lioneke. M'masiku oyambirira amatha kuwonjezera kusakhazikika pang'ono, choncho amayambira pa mlingo wochepa, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi popanda uphungu wa dokotala. Ngati ndinu woyembekezera kapena mukuyamwitsa, muwauze asanakulembereni.

Pa ulendo wanu woyamba wokaonana ndi a matenda a m'maganizo mutenge buku lanu la kuchipatala lokhala ndi zotsatira za zimene anakuyezani zija, mulembenso papepala maulendo asanu ndi limodzi onse amene manthawa anakugwirani aja, malo ake ndi chimene munaganiza nthawi imeneyo. Za imfa ya achimwene anu muzitchule koyambirira kwenikweni.