Ndachotsa mabokosi a mafyuzi ku Senga Bay, DB yatsopano ikugwa ndikayatsa getsi la pakhonde

Wa pa Kamuzu Road:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili pa ntchito ku Senga Bay, nyumba yakale ya m'mbali mwa nyanja, eni ake ndi bambo ena opuma pantchito. Munali mabokosi awiri a mafyuzi, aja oyera omangira kawaya. Lina ndi la nyumba yoyambayo, lina analiwonjezera pomanga khitchini ndi zipinda ziwiri zakumbuyo. Bambowa anakagula okha DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba) ku Lilongwe, ya ma RCD awiri a 30mA (maswichi odzithimitsa okha magetsi akamathawira kwina), n'cholinga choti aike okha. Atazula fyuzi ya masoketi n'kuipeza yomangidwa ndi waya wa kopa wa 2.5, mbali yonse itada ndi kupsa, anachita nthumanzi n'kundiitana.

Nyumba yakale ndaiika pa RCD yoyamba, zakumbuyo pa yachiwiri. Magetsi owunikira 6A, ring ya masoketi (waya wozungulira masoketi n'kubwerera ku DB) 32A, kuka 32A pa waya wa 6mm, giza 16A. Zonse zikuyaka bwinobwino. Koma ndikangodina swichi ya getsi la pakhonde lakumbuyo, ma RCD onse awiri akugwa nthawi imodzi. Ndasintha babu, ndasintha holder, chimodzimodzi. Bambowa akuti getsi limeneli layaka zaka zonsezi pa mafyuzi osavuta, ndiye ndingodumphitsa RCD. Ndakana. Mawa m'mawa ndibwererako.

Wa ku Khombedza:
Achimwene, si chinyezi chimenecho? Kunyanja ma holder a panja sachedwa kuchita dzimbiri. Kapenanso RCD-yo ndi yachinyengo, zachuluka masiku ano.

Mkulu wa ku Dwangwa:
Mphwanga, wachita bwino kukana. Chinyezi chikanagwetsa RCD imodzi yokha, ya mbali imene getsilo lili. Awiri kugwera pamodzi chifukwa cha swichi imodzi, imeneyo ndi neutral (waya wobwezera mphamvu) yobwereka ku circuit ina. Amene anamanga zakumbuyowo anatenga live (waya wobweretsa mphamvu) ya getsi la pakhonde ku bokosi lakale, neutral n'kukaitapa pa getsi lapafupi la bokosi latsopano, chifukwa ndi pamene panali pafupi m'siling'i. Fyuzi ilibe nazo ntchito zimenezo, imangodikira kuti kawaya katenthe n'kuduka. Koma RCD imawerengera: mphamvu yotuluka pa live iyenera kubwerera yonse pa neutral yake. Apa yoyamba ikuona kuti yatuluka koma sinabwere, yachiwiri ikuona kuti yabwera imene sinatuluke. Babu la 60W pa 230V limakoka pafupifupi 260mA, pamene RCD-yo imagwa pofika 30mA. Ikugwira ntchito yake ndithu.

Ndifunse: usanamange DB unayeza ndi megger, makina aja oyezera ngati chokutira mawaya chidakali bwino?

Wa pa Kamuzu Road:
Bambo, ndinangoyeza continuity ya ring (ngati waya sunaduke) ndi polarity (ngati live ndi neutral sizinasinthane). Megger sindinapite nayo tsiku limenelo. Mawa ndinyamula.

Wa ku Khombedza:
Ngati ndi choncho nkhani yaphweka. Ingosunthani ma breaker awiri a magetsi owunikirawo akhale pa RCD imodzi, kugwa kutha pompo.

Mkulu wa ku Dwangwa:
Kugwa kutha, inde, koma msampha utsala. Tsiku lina mnzathu adzabwera kudzasintha getsi la kukhitchini, adzathimitsa breaker ya zakumbuyo, adzayeza live n'kuona kuti yafa, kenaka adzamasula neutral ndi manja. Ngati getsi la pakhonde likuyaka, waya wakuda umenewo udzakhala ndi 230V yodzera m'babu kuchokera ku breaker ina ija. Ali pamakwerero, mutu uli m'siling'i pansi pa malata otentha, thukuta lili kamukamu. Ine zinandichitikira m'nyumba ina ya pa esiteti, dzanja linachita dzanzi mpaka madzulo. Njira ndi ziwiri basi. Ukoke neutral yatsopano kuchokera pa circuit imene ikupereka live, kapena udule live yakaleyo, getsi lonse lidye kwa zakumbuyo. Waya wofiira ndi wakuda wa getsi limodzi azichokera malo amodzi.

Kapezedwe kake: thimitsa zonse, masula ma neutral a magetsi owunikira pa bar, chotsa babu. Tenga waya wautali kuchokera pa neutral ya holder ya pakhonde kufika pa DB, uyeze continuity ndi neutral iliyonse payokha. Ikuuza yokha kumene yachokera. Usadalire kuyeza kudzera m'babu la LED, likunamiza.

Mayi wa ku Chipoka:
Zonsezo ndagwirizana nazo. Koma achimwene, za earth, waya wotetezera wopita m'nthaka, simunatchule ngakhale pang'ono, ndipo n'zimene zikundidetsa nkhawa. Nyumba zambiri zakale earth ankaimanga pa paipi ya madzi yachitsulo. Mapaipi aja anawola, anthu anaika apulasitiki, koma kawaya kobiriwira kakadali pomwepo ngati kakugwira ntchito. Mutsatire waya umenewo ndi maso mpaka pamene wathera. Komanso Senga Bay ndi mchenga wokhawokha. Rod imodzi (chitsulo cha earth chokhomera pansi) ya mamita 1.2 mu mchenga wouma wa mu Okutobala siingakupatseni reading yabwino.

Chinanso, ma tails, mawaya aakulu ochokera pa mita aja, munawamasula bwanji? Musandiuze kuti munadula chidindo cha pa mita.

Wa pa Kamuzu Road:
Ayi achemwali, chidindo sindinachikhudze, mita ndi ya ESCOM. Pakati pa mita ndi mabokosi akalewo panali kale main switch ya double pole, ndinathimitsa pamenepo n'kuyeza mbali zonse ndisanagwire. Pakanapanda imeneyo ndikanawaitana a ESCOM adzathimitse. Za earth mwandikumbutsa, ndikaona.

Wa pa Kamuzu Road:
Ndabwerako, akuluakulu. Bambo a ku Dwangwa, munali ngati mukuona. M'siling'i ndapeza waya umodzi wofiira wochokera pa swichi ya m'kolido, wayenda wokha pamwamba pa mitanda mpaka pakhonde. Wakuda wake anaupotokolera pa getsi la kukhitchini n'kukulunga ndi tepi, tepiyo inauma kalekale, ndangoigwira yagwa ngati khungwa. Pozungulira ponse ndowe za mileme. Ndadula wofiirawo, ndaumasula ku swichi ya m'kolido, ndakoka twin and earth (kebulo ya live, neutral ndi earth pamodzi) ya 1.5 kuchokera ku getsi la kukhitchini ndi swichi yake pakhomo lakumbuyo. Ndayatsa kakhumi, palibe yagwa. Batani la test ndadinanso pa onse awiri, akugwa monga kuyenera.

Koma megger yavumbulutsa zina. Pa 500V ma circuit onse ali bwino kupatula magetsi a zipinda ziwiri zakutsogolo, 0.4 megohm. Ndatsegula rose imodzi (polumikizira getsi kusiling'i), ndi waya uja wa labala wokutidwa ndi nsalu, ukungofumbutuka ukaupinda. Circuit imeneyo ndaisiya yothimitsa.

Achemwali a ku Chipoka, earth ili pa paipi yachitsulo kuseri kwa bafa. Ndakumba pang'ono, patangopita mtunda wa mita imodzi paipiyo yalumikizidwa ku yapulasitiki. Ndiye kuti giza, kuka ndi filiji zakhala zopanda earth kuyambira pamene anasintha mapaipi. Amayi a m'nyumbamo akuti mpopi wa m'bafa unkawaluma m'manja nthawi zina, ankangoti ndi mmene zimakhalira. Ndakhoma rod imodzi, ikuwerenga 340 ohms.

Mayi wa ku Chipoka:
Mpopi woluma umenewo muyezenso element ya giza payokha, mutaimasula. Za rod, 340 pa RCD ya 30mA masamu ake amalola, koma ikapitirira 200 siyodalirika, chilimwe chikafika pachimake ikweranso. Lumikizani rod yachiwiri pamwamba pa yoyambayo ndi coupler (cholumikizira ma rod) mukhome mozama, kunyanja madzi sali patali pansi. Ikakana, khomani ina patali pang'ono, mtunda wosachepera kutalika kwa rod, muzilumikize. Sankhani mbali imene nthaka imakhala yonyowa. Mchere ndi makala anthu amathira, reading imatsikadi tsiku limenelo, koma mcherewo umadya rod ndi clamp, mvula ikaukokolola mwabwerera pomwe munali. Clamp ikhale m'kabokosi kotsegulika kuti wina adzathe kuiona.

Wa ku Khombedza:
Ndaphunzirapo, zikomo akuluakulu. Nanga 0.4 ija singadikire? Bambowo agula kale DB, ndalama ya mawaya ena aipeza?

Mkulu wa ku Dwangwa:
Yochepetsetsa yololedwa ndi 1 megohm, ndipo waya wa labala ukayamba kufumbutuka subwerera. Pamwamba pake pali mitanda youma. Mphwanga, dula kachidutswa ka waya umenewo, upite nako kwa bambowo, uwapatse aupinde okha ndi zala zawo. Ukatero sipafunika kulankhula zambiri. Uwalembere mtengo wa zipinda ziwirizo padera, asaone ngati ukuwonjezera ntchito mwadala. Ndipo zonse wayezazi uzilembe papepala, circuit iliyonse ndi reading yake, kope lina usiye m'nyumbamo lina usunge. Chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, chimene ukugwirira ntchitochi chili m'dzina lako.

Wa pa Kamuzu Road:
Ndawaonetsa, aupinda, labala yagwera m'manja mwawo. Avomera kuti tikoke mawaya atsopano Loweruka, pakadali pano zipindazo agwiritsa ntchito nyale za pasoketi. Rod yachiwiri ndalumikiza, yatsika kufika 95 ohms. Giza ndaithimitsa kaye, element ndiyeza mawa. Mawaya atsopanowa ndi a bulawuni ndi buluu pomwe akale ndi ofiira ndi akuda, ndiye ndimata chizindikiro pachitseko cha DB. Amene ali ndi coupler ina yotsala pafupi ndi Kamuzu Road andiuze, yanga yomaliza ndaisiya mu mchenga ku Senga Bay.