Kodi Caesar ndi Khan ndi mayina a anthu kapena ndi maudindo?

Nabanda:
Ndikupempha thandizo kwa inu amene munazama m'mbiri yakale. Ndikuthandiza mwana wanga kuwerenga za maufumu a Agiriki, Aroma ndi Amongolia, koma pali chimene chatisokoneza tonse awiri. Pa Luka 2:1 timawerenga za Kaisara Augusto, pa Luka 3:1 pali Tiberiyo Kaisara, pamene buku la mbiri likunena za Julius Caesar amene anaphedwa Yesu asanabadwe. Kwa Amongolia nakonso kuli Genghis Khan ndi Kublai Khan. Kodi awa ndi mayina a mabanja kapena ndi maudindo? Nanga Alexander, iye ankatchedwa chiyani?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi Nabanda, liwu lakuti Caesar linayamba ngati dzina la banja, ndipo linasanduka udindo pang'onopang'ono. Julius Caesar ataphedwa pa 15 Malichi m'chaka cha 44 BC, wilo yake inasonyeza kuti anatenga Octavian, mdzukulu wa mlongo wake, kukhala mwana wake. Kwa ife Achewa kulowa ufumu kudzera kuchikazi n'kosadabwitsa, koma Aroma ankatsata kuchimuna, n'chifukwa chake panafunika kumulemba ngati mwana kuti alandire dzina ndi chuma. Octavian yemweyo ndiye Augustus, dzina laulemu limene nyumba ya akuluakulu yotchedwa senate inamupatsa m'chaka cha 27 BC.

Chimene ophunzira ambiri amachiphonya n'chakuti Augustus anakana kutchedwa mfumu, ngakhale kuti asilikali ndi chuma cha boma zinali m'manja mwake. Aroma ankadana ndi liwu lakuti rex kuyambira pamene anathamangitsa mfumu yawo yomaliza, Tarquinius Superbus, cha m'ma 509 BC, ndipo mphekesera zakuti Julius Caesar akufuna ufumu zinali m'gulu la zifukwa zomuphera. Augustus anaphunzirapo, nasankha kutchedwa princeps, kutanthauza nzika yoyamba. Ine ndimaona kuti kumeneku kunali kuchenjera kwakukulu kuposa nkhondo zonse zimene anapambana. Ulamuliro wa banja lake unatha ndi imfa ya Kaisara Nero m'chaka cha 68 AD, koma olamulira otsatira monga Vespasian anapitiriza kudzitcha Caesar chonsecho sanali a magazi amenewo, ndipo m'menemo ndi mmene munadzachokera Kaiser wa Ajeremani ndi tsar wa ku Russia.

Achimwene a ku Zomba:
Aphunzitsi afotokoza bwino za Aroma, ine ndiwonjezerepo za Amongolia, kumene nkhani yake ndi yosiyana. Khan unali udindo kuyambira pachiyambi, ndipo mafumu a mitundu ina ya m'chigawocho ankatchedwanso motero. Dzina lobadwa nalo la Genghis Khan linali Temüjin. Analandira dzina laufumulo m'chaka cha 1206 pa msonkhano waukulu wa akalonga ndi atsogoleri a nkhondo wotchedwa kurultai, umene unachitikira pafupi ndi mtsinje wa Onon. Mwana wake Ögedei, amene anasankhidwa mu 1229, ankatchedwa khagan, ndiko kunena khan woposa anzake onse.

Liwu limene mwana wanu asaliiwale ndi kurultai, chifukwa munthu sankakhala khan wamkulu popanda msonkhanowo kumuvomereza. Vuto linali lakuti aliyense wamphamvu ankatha kuitanitsa wakewake. Khan wamkulu Möngke, mdzukulu wa Genghis Khan, atamwalira mu 1259, abale ake awiri, Kublai ndi Ariq Böke, anachititsa misonkhano iwiri yosiyana mu 1260, aliyense n'kudzozedwa ndi omutsatira, ndipo anamenyana mpaka 1264 pamene Ariq Böke anagonja. Kuchokera pamenepo zigawo za ufumuwo zinayamba kudzilamulira zokha.

Nasibeko:
Funso la Alexander latsala, ndipo ndiyambe ndi kukonza mawu akuti ufumu wa Agiriki. Agiriki analibe mfumu imodzi, koma ankakhala m'mizinda yodziimira payokha yotchedwa polis: Athens inkalamulidwa ndi msonkhano wa nzika, pamene Sparta inali ndi mafumu awiri nthawi imodzi. Philip II wa ku Macedon atagonjetsa Athens ndi Thebes pa Chaeronea mu 338 BC, anakhala hegemon, mtsogoleri wa mgwirizano wa mizindayo, osati mfumu yawo. Mwana wake Alexander analowa udindo womwewo, ndipo ufumu wake weniweni, umene m'Chigiriki mwini wake amatchedwa basileus, unali wa ku Macedon.

Alexander anamwalira ku Babylon mu 323 BC ali ndi zaka 32, mkazi wake Roxana ali woyembekezera, choncho akazembe ake, amene mbiri imawatcha Diadochi, anagawana dziko. Ptolemy anatenga Egypt, ndipo mafumu aamuna a banja lake ankatchedwanso Ptolemy, zimene zikufanana ndi zomwe aphunzitsi anena za Caesar. Cleopatra, amene anamwalira mu 30 BC atagonjetsedwa ndi Octavian, anali wa banja lomwelo.

Nabanda:
Zikomo nonse. Mwanayu wajambula mzere wa zaka papepala, ndipo wadabwa kuona kuti pakati pa imfa ya Augustus m'chaka cha 14 AD ndi kurultai ya 1206 pali zaka 1,192, pamene m'buku lake nkhani ziwirizi zili m'mitu yotsatizana.