Meson ndi Codeberg pakamodzi, n'zotheka?

kalaibulale_ka_C: Anzanga, ndimasamala kalaibulale kowerenga mafayilo a CSV. Amene analemba configure.ac yathu (fayilo ya Autotools, zida zimene timamangira pulogalamu kuchokera ku code) anachoka kalekale, ndipo tonse timaopa kuigwira. Ndikufuna tisiye Autotools tiyambe Meson, chida china chomangira pulogalamu, komanso tisamuke pa GitHub tipite ku Codeberg (onsewa ndi malo osungirako code pa intaneti). Ndichite zonse pakamodzi?

wopakira: Ayi akulu, osaphatikiza. Zikadzasokonekera simudzadziwa kuti chavuta n'chiti. Yambani ndi Meson, koma Autotools musaifufute msanga. Tulutsani kaye version imodzi yokhala ndi zonse ziwiri. Ife opakira mapulogalamu ku Debian (mtundu wa Linux) timafuna nthawi, pajatu Meson imadalira Python 3 ndi Ninja.

mlonda_wa_seva: Code sivuta, git clone --mirror imatenga mbiri yonse. Pamene pamawawitsa mutu ndi pa ma issue (malipoti a zovuta) ndi zokambirana za pa pull request (zosintha zimene ena apempha kuti zilowe mu code), chifukwa sizikhala mu git. Codeberg ili ndi chida chozikokera kuchokera ku GitHub, koma CI (imene imayesa code yokha ikasintha) mukaikonzanso nokha. Ngakhale Python, itasamukira ku GitHub mu 2017, ma bug ake anatsalira ku bugs.python.org mpaka 2022.

kalaibulale_ka_C: Ndamva, Meson kaye. Nanga repo (nkhokwe ya code) yakale ya pa GitHub ndidzaitseke?

mlonda_wa_seva: Muiike pa archive kuti izingowerengedwa, n'kulemba adiresi yatsopano pamwamba pa README.